Mafunso ndi mayankho: kupeza kajambulidwe kanukanu ngati wojambula zithunzi

Awa ndi mafunso amene ndimafunsidwa mobwerezabwereza ndi anthu oyamba kumene kujambula zithunzi za m'mabuku, za m'magazini ndi makatuni, makamaka amene akuda nkhawa kuti ntchito yawo sikuoneka kuti ndi yawo. Osavuta ali koyamba, ozama ali chakumapeto. Pamene nkhani yayankhidwa kale pena, ndakulozerani komweko.

1. Kodi tikati "kajambulidwe ka munthu" tikunena chiyani kwenikweni?

Tikunena zosankha zimene munthu amazibwereza pojambula mpaka ena n'kumamuzindikira asanaone dzina lake. Mzere wake ndi wonenepa kapena wowonda, umanjenjemera kapena umayenda myaa. Mutu wa munthu amaukulitsa motani poyerekeza ndi thupi. Mitundu ina amaikonda, ina sayiyandikira. Mthunzi amaupaka kapena amangosiya pepala loyera.

Ndiye pali china chimene ambiri sachiwerengera: mphindi ya nkhani imene munthu amasankha kuijambula. Anthu awiri auzeni kuti ajambule mwana amene wagwa panjinga. Wina ajambula mwanayo ali m'malere, kukamwa yasa. Wina ajambula gudumu likuzungulirabe, nsapato imodzi ili potero, mwiniwake osaoneka n'komwe. Kwa ine kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kwa mzere ndi utoto.

Hergé wa ku Belgium anayamba kujambula katuni ya mnyamata wotchedwa Tintin mu 1929. Mizere yake ndi yofanana kunenepa, alibe timizere tambirimbiri ta mthunzi, ndipo utoto ndi wosalala. Dzina lakuti ligne claire, kutanthauza mzere wooneka bwino pa Chifalansa, limene kajambulidwe kameneka kamadziwika nalo, analipereka Joost Swarte mu 1977. Ntchito inatsogola ndi zaka 48, dzina n'kubwera pambuyo.

2. Nanga ndingakapeze bwanji kanga?

Mbale wanu mumamuzindikira akubwera patali, nkhope isanaoneke, chifukwa cha kayendedwe kake. Iye sanakhalepo pansi kusankha kuti aziponda bwanji. Wangoyenda zaka zambiri ndi miyendo imene ali nayo. Kajambulidwe kamabweranso motero, n'chifukwa chake amene amakasakasaka ngati chovala chogula amachedwa kuposa mnzake amene akungojambula.

Chothandiza n'chakuti muzimaliza zithunzi zambiri, kenako muzicheuka. Pakatha miyezi itatu yalani pansi zonse zimene mwajambula, zabwino ndi zoipa zomwe, mukwere pampando kuti muzione nthawi imodzi. Musafunefune chokongola kuposa zinzake. Funani zimene zikubwerabwera osaziitana.

Nditachita izi koyamba ndinali ndi mapepala opitirira 60. Ndinkadziyesa wojambula nyama, koma pansipo panadzaza anthu odikira: wina watsamira khoma, wina wakhalira chikwama chake, mayi wina wagwira chibwano akuyang'ana kumbali. Pafupifupi onse ndinali nditawakankhira kumanzere kwa pepala, kumanja n'kusiya mpata waukulu wopanda kanthu, ngati kuti chimene akudikiracho chitulukira kumeneko. Sindinkadziwa kuti ndimatero. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kutero dala.

Chizolowezi chimasanduka kajambulidwe pamene mwachiona, mwachiyesa, ndipo mwaganiza zochisunga. Si zonse zimene mudzapeze pansipo zoyenera kusunga. Za zimenezo onani funso 6.

3. Zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Anthu amasiyana kwambiri. Vincent van Gogh anatsimikiza zokhala wojambula mu 1880 ali ndi zaka 27. Zithunzi zake za mu 1885 n'zakuda, zodzaza utoto wofiirira ngati dothi. Atafika ku Paris mu 1886 n'kuona zimene anzake ankachita, mitundu yake inayamba kuwala, ndipo zambiri zimene dziko limamudziwa nazo anazijambula kuyambira 1888 mpaka imfa yake mu 1890. Hokusai wa ku Japan, wobadwa mu 1760, anajambula chithunzi chake chotchuka cha funde lalikulu cha m'ma 1831, ali ndi zaka pafupifupi 70, atasinthapo dzina lake la ntchito kambirimbiri.

Muziwerenga zithunzi m'malo mwa zaka. Womaliza chithunzi chimodzi pa mwezi ndi womaliza zitatu pa sabata sali pa ulendo umodzi, ngakhale onse anene kuti ajambula zaka ziwiri. Ichi n'chifukwa chake ndimakonda Inktober, imene Jake Parker anayambitsa mu 2009: chithunzi chimodzi cha inki tsiku lililonse la Okutobala, zonse pamodzi 31. Masiku oyamba munthu amadzikongoletsa. Pofika tsiku la 20 watopa, nthawi yam'thera, ndipo dzanja limabwerera ku zimene limadziwa palokha. Zithunzi za masiku otsirizawo ndi zimene muyenera kuziyang'anitsitsa.

4. Kodi kukopera zithunzi za ena n'kulakwa?

Pophunzira si kulakwa, ndipo ojambula akhala akuphunzira choncho kuyambira kale. Van Gogh anakopera ntchito za Jean-François Millet kangapo konse, ndipo mu 1887 anakopera ndi utoto zithunzi za Hiroshige. Sanabise kuti anali kukopera.

Koma kukopera kuli pawiri. Kuika pepala pamwamba pa chithunzi n'kumatsata mizere kumaphunzitsa zochepa, chifukwa dzanja limayenda mutu uli gone. Kopindulitsa ndi kukopera muli ndi funso limodzi: munthuyu wachita bwanji kuti diso langa liyambire pankhope ya mwanayu? N'chifukwa chiyani kumbuyoku kukuoneka kutali? Mukapeza yankho, tsekani bukulo, mujambule chinthu china chanuchanu ndi nzeru imeneyo.

Zokoperazo zizikhala m'kope lanu. Mukafuna kuzionetsa, tchulani mwiniwake momveka bwino, ndipo musaziike pakati pa ntchito zimene mukufunira nazo makasitomala. Za malamulo onani funso 12.

5. Zithunzi zanga zikufanana kwambiri ndi za wojambula amene ndimamukonda. Nditani?

Musachite manyazi, pafupifupi aliyense amadutsa pamenepo. Vuto si lakuti mwatsanzira, koma mwatsanzira munthu mmodzi yekha. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Fufuzani kuti munthu ameneyo anaphunzira kwa yani, mukaone kumene iye anatunga. Nthawi zambiri mudzapeza kuti chimene munkachiyesa chake anachitenga kwa wina, n'kusiyako zina zimene inu zingakuthandizeni. Onjezani aphunzitsi ochokera kunja kwa ntchito yanu: osema ziboliboli, oumba, oluka nsalu, ojambula ndi kamera. Kenako m'bisireni zithunzi zake kwa mwezi wathunthu, muzijambula zinthu zimene zili pamaso panu. Iye sanajambulepo chikho chothyoka chogwirira chimene chili patebulo lanu, choncho mulibe pomuonera. Mudzakakamizika kusankha nokha kuti mzere uyambire pati.

6. Ndiyambe ndi chiyani, maziko a kujambula kapena kajambulidwe? Ndipo ndidziwa bwanji kuti ichi n'kajambulidwe, osati kulephera chabe?

Funso lachiwirili ndi limene limapweteka, ndiye ndiyambe nalo. Pa mapepala 60 aja a m'funso 2 ndinaonanso china. Manja. Munthu aliyense anali atawapisa m'thumba, kapena kuwabisa kumbuyo, kapena pepala linathera m'chigongono. Ndinkauza anzanga kuti ndimakonda anthu odekha, chikhalirecho ndinkaopa zala. Zinanditengera miyezi yojambula dzanja langa lamanzere m'mawa uliwonse, litagwira kiyi, litakunga chibakera, litatambasuka pa bondo, kuti ndimasuke. Lero anthu anga ena amapisabe manja m'thumba, koma amatero pamene nkhani yafuna.

Muyeso wake ndi umenewu: kodi mutafuna kujambula mwanjira ina, mungathe? Ngati mungathe koma mwasankha kusatero, n'kajambulidwe. Ngati simungathe, ndi malire, ndipo makasitomala adzawatulukira tsiku limene adzafune chithunzi cha mwana akumanga zingwe za nsapato.

Choncho maziko musawathawe: mmene thupi limapindikira, mmene zinthu zimachepera zikamapita kutali, kumene kuwala kukuchokera ndi kumene mthunzi ukugwera. Beatrix Potter, amene akalulu ake ovala majekete amaoneka osavuta, anatha zaka akujambula nyama zenizeni ndi bowa mosamala kwambiri, n'chifukwa chake kalulu wake amaimabe ngati kalulu ngakhale atavala. Quentin Blake, amene mizere yake imaoneka ngati yachangu, amayamba wajambula chithunzi chokonzekera, n'kuchiika pa bokosi lowala, pepala lina pamwamba. Satsata mzere ndendende, amangoona pamene chilichonse chili, kenako amajambula ngati akuyamba kumene.

Koma musadikire kuti mumalize maziko kenako muyambe zanu, chifukwa maziko satha. Ziziyendera limodzi. Gawo lina la nthawi yanu muziphunzira, gawo lina muzijambula zimene mtima wafuna popanda wokuikani chizindikiro.

7. Kodi zipangizo zimasintha kajambulidwe?

Kwambiri, kuposa mmene oyamba amaganizira. Chida chilichonse chili ndi zimene chimalola ndi zimene chimakana, ndipo kajambulidwe ka anthu ambiri kanabadwira pa zimene chida chinakana.

Edward Saidi Tingatinga anayamba kujambula ku Dar es Salaam mu 1968 ndi penti yopakira njinga pa timatabwa topyapyala, chifukwa n'zimene akanatha kuzipeza. Penti yotere imanyezimira, ndipo umafunika kudikira kuti ina iume usanapake ina pamwamba. Nyama ndi mbalame zake zinatuluka zosalala, zowala, za malire akuthwa. Anamwalira mu 1972 atajambula zaka zinayi zokha, koma kajambulidweko kakutchedwabe ndi dzina lake mpaka lero. Henri Matisse, atachitidwa opaleshoni mu 1941 n'kuyamba kuvutika kuima nthawi yaitali, anatembenukira ku sizasi ndi mapepala opakidwa kale utoto, n'kumadula maonekedwe amene ankawafuna. Esther Mahlangu wa ku South Africa amajambula mizere yowongoka ya Chindebele ndi nthenga za nkhuku, popanda rula, ndipo mu 1991 anakongoletsa galimoto ya BMW ndi luso lomwelo.

Yesani zida zosiyanasiyana, koma chilichonse muchipatse nthawi yokwanira. Cholembera choviika mu inki, mwachitsanzo, chimakwiyitsa sabata yoyamba. Mukachikankhira m'mwamba nsonga imakodwa m'pepala n'kulavula timadontho, mukachitsindika chimatsegula kukamwa mzere n'kunenepa, inki ikamatha chimangokanda. Sabata yachitatu mumayamba kudziwa nthawi imene chilavule, ndipo mwina timadontho timeneto mudzatifuna.

8. Ndimajambula pakompyuta kapena pa tabuleti. Kodi zimenezi zikundichedwetsa?

Ayi, ntchito yambiri ya masiku ano imachitikira pamenepo, kaya ndi Procreate, Photoshop, Clip Studio Paint kapena Krita imene ndi yaulere. Misampha yake ndi iwiri. Woyamba ndi batani lobwezera m'mbuyo. Mzere ukangokhota pang'ono mumaufufuta, mumayesanso kakhumi mpaka utuluke wosalala ngati wa aliyense, pamene kukhota kuja mwina ndiko kunali kwanu. Wachiwiri ndi mabulashi mazanamazana amene aliyense angathe kutsitsa pa intaneti. Chida chosakana kanthu sichikukakamizani kusankha, ndipo mwaona m'funso 7 kuti kukanako n'kofunika.

Dziikireni malire nokha. Mabulashi awiri kwa miyezi itatu. Nthawi zina jambulani pa layer imodzi, ngati papepala limodzi losasanjikiza ena pamwamba, ndipo batani lija musalikhudze. Khalaninso ndi kope ndi bolopeni, chifukwa bolopeni safufutika.

9. Mitundu ndiisankhe bwanji kuti izioneka kuti ndi yanga?

Yambani ndi yochepa. Anders Zorn wa ku Sweden amadziwika ndi mitundu inayi: woyera, wakuda, wofiira ndi wachikasu chonga dothi. Wakuda wosakaniza ndi woyera, ukakhala pafupi ndi wofiira, diso limauona ngati wabuluu. Mukakhala ndi mitundu itatu kapena inayi yokha mumaphunzira zotere msanga, ndipo zithunzi zanu zimayamba kuoneka ngati za banja limodzi.

Musanadandaule za mtundu, yang'anani kaye kuwala ndi kuda. Jambulani chithunzi chanu ndi foni, muchisandutse chakuda ndi choyera. Ngati zonse zasanduka zotuwa mofanana, munthu osasiyana ndi khoma, vuto silili pa mtundu.

Ngati ntchitoyo idzasindikizidwa, dziwani kuti sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, njira ya RGB, pamene makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi, njira ya CMYK. Wobiriwira ndi wabuluu wowala kwambiri amazilala papepala. Ngati kajambulidwe kanu katsamira pa mitundu yoteroyo, yesani kusindikiza msanga muone chimene chikutsala.

10. Ndimajambula m'njira zitatu zosiyana ndipo zonse ndimazikonda. Ndisankhe imodzi?

M'kope lanu musasankhe. Mu portfolio, zithunzi zosankhidwa zimene mumaonetsa makasitomala, inde, kapena muzigawe bwinobwino. Mkonzi wa buku akamayang'ana ntchito yanu amafuna kudziwa chimene adzalandire akakupatsani masamba 32 a buku la ana. Akaona zithunzi khumi ndi ziwiri zooneka ngati za anthu asanu, sadziwa kuti alemba ntchito uti. Sankhani njira imene mungathe kuibwereza kwa miyezi ingapo osatopa nayo, muonetse munthu mmodzimodziyo ali wokondwa, wokwiya, akuthamanga, akuoneka chakumbuyo. Ngati njira yachiwiri ndi yamphamvunso, ipatseni tsamba lakelake.

Chenjerani ndi kusankha potengera chiwerengero cha anthu amene akonda chithunzi pa Instagram. Chimene chimakopa munthu amene akuthamangitsa chala pafoni si nthawi zonse chimene chingasenze nkhani ya buku lonse. Ndaonapo anthu aluso atatsekeredwa m'kajambulidwe kamene sakukakondanso, chifukwa chakuti chithunzi chimodzi chinatchuka.

Muonenso ngati njira zitatuzo n'zosiyanadi. Ziyaleni pansi monga m'funso 2. Kawirikawiri chasintha ndi chida chokha, koma maso a anthu, kakhalidwe kawo ndi nthabwala zake n'zomwezo.

11. Kasitomala akuti ndijambule ngati mmene amajambulira wakutiwakuti. Ndivomere?

M'funseni kaye chimene akuchikonda mwa munthuyo. Nthawi zambiri sakufuna mizere yake yeniyeniyo, akufuna kufatsa kwa mitundu, kapena nthabwala, kapena kuti chithunzi chisadzaze. Zimenezo mungazipereke ndi dzanja lanu, ndipo kachithunzi kamodzi koyeserera kamathetsa nkhani.

Ngati akufunadi kuti anthu aziyesa kuti wajambula ndi mnzanuyo, pamene mnzanuyo ali moyo ndipo akudya za ntchito yomweyo, ine ndimakana. Akufuna ntchito ya munthu wina pa mtengo wotsika, ndipo inu mudzatsala ndi zithunzi zimene simungazionetse ngati zanu. Kumene kutsatira kajambulidwe ka ena kuli koyenera ndi m'makampani a makatuni oyenda ndi a masewera a pakompyuta, kumene gulu lonse limajambula mofanana mogwirizana. Limenelo ndi luso palokha ndipo silichotsa kanu.

12. Wina akunditsanzira. Kodi lamulo limateteza kajambulidwe?

Lamulo la umwini wa ntchito zaluso limateteza chithunzi chenichenicho, osati njira yojambulira. Pangano la Berne la mu 1886, limene mayiko ambiri a dziko lapansi analowamo, limati chitetezo chimayamba popanda kulembetsa kulikonse, ndipo kawirikawiri chimapitirira zaka zosachepera 50 mwiniwake atamwalira. Mayiko ambiri anazikweza kufika pa 70. Choncho wina akatenga chithunzi chanu n'kuchisindikiza pa malaya, kapena kuchikopera n'kungosintha pang'ono, muli ndi poyambira. Akangojambula ndi mizere yonjenjemera ndi mitundu itatu ngati inu, mlandu palibe, ndipo ndi bwino kuti zili choncho, apo ayi funso 4 likanatitsekera tonse.

Sungani zithunzi zanu zokonzekera ndi mafayilo oyambirira okhala ndi madeti. Ndiwo umboni wanu pakabuka mkangano.

13. Mapulogalamu a AI akutha kutsanzira kajambulidwe ka aliyense. Pali chifukwa chovutikirabe?

Nkhawayi ndi yoona ndipo sindiipeputsa. Mapulogalamuwa anaphunzitsidwa ndi zithunzi zochuluka zedi zotengedwa pa intaneti, zambiri eni ake osafunsidwa, ndipo mu 2023 ojambula ena ku United States anakasuma kukhoti pa nkhani imeneyi. Ntchito zina zazing'ono zimene oyamba ankadyerapo zikuchepa.

Chimene amatsanzira bwino ndi khungu la chithunzi: mzere, utoto, kunyezimira. Chosankha chija cha m'funso 1, chojambula gudumu m'malo mwa mwana, chimachokera pa kuwerenga nkhani n'kuimva, ndiponso pa zimene munthu waona ndi maso ake. Mkonzi wabwino amalipira chimenecho. Langizo langa kwa wophunzira n'lakuti musagwiritse ntchito mapulogalamuwa pofuna kupeza kajambulidwe kanu. Akakupatsani zithunzi zinayi kuti musankhepo, mwaphunzira kusankha pa za ena, koma zosankha zing'onozing'ono mazana zimene zimachitika pensulo ili papepala zakudutsani.

14. Ndikakapeza, kadzakhala komweko mpaka kale? Nanga ndikafuna kusintha?

Kadzasintha, mufune musafune. Pablo Picasso anajambula kwambiri ndi utoto wabuluu kuyambira 1901 mpaka 1904, kenako anatembenukira ku mitundu yofiirira, ndipo pasanathe zaka zambiri iye ndi Georges Braque anali akuphwanya maonekedwe a zinthu kukhala tizidutswa. Kumeneko ndi kusintha kwadala komanso kwadzidzidzi. Ngati muli ndi makasitomala amene anakuzolowerani, kusintha kotere kuchiteni kaye pa ntchito zanuzanu, musonkhanitse zithunzi zatsopano zokwanira, kenako muzionetse pamodzi monga tanenera m'funso 10. Musasinthe pakati pa buku limene munagwirizana kale.

Kusintha kofala ndi kwapang'onopang'ono, kumene mwiniwake sakuona. Charles Schulz anajambula katuni yake ya m'nyuzipepala kuyambira 1950 mpaka 2000, yekha, popanda womujambulira. M'katuniyo, Snoopy wa zaka zoyamba ndi kagalu koyenda ndi miyendo inayi, wa pambuyo pake amaima ndi iwiri, mphuno yatalika, mutu wasintha. Palibe tsiku limene mungaloze kuti apa ndi pamene anasinthira. M'zaka zake zomaliza dzanja la Schulz linkanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumaoneka m'mizere ya nyumba ya galuyo ndi m'zilembo za mawu. Sanapereke cholembera kwa wina kuti awongole. Anapitiriza kujambula ndi dzanja lomwelo, ndipo katuni yake yomaliza inatuluka pa 13 Febuluwale 2000, iye atamwalira dzulo lake.